Mbatatesi ya a Pulinsipolo

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza chifukwa cha khoko la mbatatesi. Nthawi imeneyo ndinkathandiza msuweni wanga pa chiwaya chake cha tchipisi, pa siteji ina ya mumsewu wa M1 kufupi ndi Dedza Boma. Malipiro anga anali tchipisi chomwecho, ndiye imeneyo sindiiwerengera kuti inali ntchito. Tsiku lina padafika mayi wina wojintcha, wa duku loyera, amene m'malo mogula adawerama n'kutola khoko limodzi m'beseni momwe ndinkatayira. Adaliloza ku dzuwa, nalitembenuza uku ndi uku.

"Wasenda ndani?"

"Ndine, amayi."

"Ndione mpeni wako."

Ndidawaonetsa. Unali mpeni wosula kuchokera ku sowo yakale, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa tchubu cha njinga. Adayesa kuthwa kwake ndi chala chachikulu, nandibwezera.

"Lolemba ubwere Pa Kachewere ndi mpeni womwewu. Ukafunse a Nachisale a kukhitchini, ndine amene. Usambe."

Pa Kachewere ndi koleji yaing'ono imene ili m'tsinde mwa phiri, pakati pa mitengo ya paini. Dzina lake lenileni lilipo, lalitali, lokhala ndi woyera wina kutsogolo, koma palibe kondakitala wa minibasi amene adalitchulapo. Kumeneko amaphunzitsa mbiri yakale, filosofi, nyimbo, zilankhulo ndi zolembalemba. Ife a m'midzi yozungulira zinkatizunguza mutu. Wopita ku sukulu ya unamwino amatuluka namwino, wopita ku ya uphunzitsi amatuluka mphunzitsi. Wa Pa Kachewere ukamufunsa kuti kodi mukamaliza mudzakhala ndani, amakuyang'ana mwachifundo n'kukufunsa kuti nanga iwe wakhala kale ndani. Tinkangowasiya, poti amagula tomato wathu osanenerera.

Koma m'matauni kolejiyi inali ndi mbiri ina, ndipo yabwino. Ophunzira ake ankadziwika ndi kulankhula mwachidule. Pa msonkhano, m'khoti, pa wailesi, ngakhale pa maliro pomwe aliyense amafuna kufotokoza mmene adadziwirana ndi malemu, munthu akaimirira n'kunena mawu ochepa olasa, n'kukhala pansi anthu akufunabe kumva, ena ankanong'onezana kuti uyu ngwa Pa Kachewere. M'dziko muno limenelo ndi luso losowa kuposa udokotala.

Mmene zidayambira adandifotokozera a Nachisale tsiku langa loyamba, tikutsuka mapoto. Koleji idayambira m'shedi momwe alimi ankasungiramo mbewu ya mbatatesi, imene kuno timati kachewere. Adaiyambitsa wansembe wina ndi mphunzitsi wopuma pantchito, onse awiri okonda mtsutso kuposa chakudya. Mipando kunalibe, ophunzira ankakhala pa matumba. Mukuidziwa mphepo ya kuno ya mwezi wa Juni, ija imalowa m'khutu ili n'kutulukira linalo. Ophunzira ankasonkha moto pakati pa shedi n'kumakwirira mbatatesi zotsalira m'phulusa. Ndiye poti wansembe uja akayamba kulankhula sankadziwa posiyira, tsiku lina mnzake adavuula mbatatesi yotentha n'kumuikira m'manja, nati, "Abambo, lankhulani mpaka pomwe mungaipirire." Mwambo udayambira pomwepo, ndipo ankautcha Paphulusa.

Ine ntchitoyi ndinkaifuna ndi mtima wonse, ndipo chifukwa chake chinali Benadeta. Ndinali nditamufunsira, ankhoswe atayendera kale kwawo, mudzi wina wa ku Mphunzi. Vuto linali pokhala. Kwathu kuno mwamuna amapita chikamwini, kukamanga kwa mkazi, ndipo ine chikamwini ndinkachiopa ngati moto. Achimwene anga aakulu ndidawaona ndi maso angawa: munthu amene kwathu ankaseka mudzi wonse kumva, kuchikamwini ankatsokomolera m'chipewa. Ine ndinkafuna chitengwa, kumutenga Benadeta tikakhale kwina. Atsibweni ake, a Zakaliya, munthu wosapupuluma poyankha, adati zimenezo n'zotheka pokhapokha pali ntchito yooneka ndi nyumba yooneka. Koleji inali ndi tinyumba ta antchito kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo wopambana miyezi yoyeserera ankapatsidwa kamodzi. Ndidakaonetsa kale Benadeta kamene ndinkakafuna, ka chitseko chobiriwira.

Kumudzi sindidanene kuti ndili kukhitchini. Ndinkangoti ndili ku koleji. Anyamata a pa bawo adayamba kunditcha a Pulofesa, ndipo ine sindidawaletse.

Ntchito inkayamba ndi nkhwangwa. Ndinkawaza nkhuni za paini ndi bulugama, kusonkha moto m'mbaula zazikulu za njerwa, kenako kutsuka mbatatesi mu diramu lodula pakati. Posenda pali malamulo ake. Khoko lizikhala lopyapyala, maso a mbatatesi uzikolowola ndi nsonga ya mpeni osati kudula mbali yonse, yobiriwira uzitaya chifukwa imawawa ndipo imapweteka m'mimba, ndipo yosendedwa uziiponya m'madzi msanga isanade. A Nachisale ankadutsa n'kuvundula makoko ndi phazi. Akapeza khoko lonenepa ankalinyamula m'mwamba kuti khitchini yonse ione, n'kufunsa kuti nkhumba za ndani zimene tikunenepetsa.

Lachisanu masana ndiye kunali Paphulusa. Mbatatesi za tsiku limenelo sitinkasenda. Tinkazitsuka, kuziyanika, ndipo a Nachisale ankazikwirira okha m'phulusa lotentha pansi pa makala, osati pa malawi, chifukwa malawi amapsereza kunja mkati muli muwisi. Poyesa kupsa ankabaya ndi sipoko ya njinga. Ikalowa mosavuta n'kutuluka yoyera, yapsa. Koleji yonse inkakhala pa zipika kuseri kwa khitchini, aphunzitsi ndi ophunzira mosasankha. Wina ankaponya funso, loti mwina kodi munthu angakhale wabwino ali yekha pachilumba, mafunso a anthu okhuta. Wofuna kuyankha ankatambasula dzanja. A Nachisale ankavuula mbatatesi, kuigubuduza pansi, kuifumbata m'manja mwawo kanthawi, n'kuika m'dzanja la wolankhulayo. Onse ankaimba kuti, "M'manja! M'manja!" Munthu ankalankhula akuiponyera dzanja ili ndi ili. Ikangogwa, kapena akaibisa m'malaya, zake zatha, akhale pansi adye ndi mchere ndi tsabola.

Ine gawo langa linali kubweretsa nkhuni n'kuimirira chapatali. Ndidaona kuti a Nachisale amasankha ting'onoting'ono tokhatokha ngakhale kwa aphunzitsi a imvi, ndipo mumtima ndidati mayiwa ndi owuma manja. Kufumbata kuja ndinkayesa akupukuta phulusa.

Ndisanathe ndi mwezi womwe, kudabwera a Pulinsipolo atsopano. Anali bambo wamtali, wophunzira kunja, wa nsapato zoti ukhoza kupesera tsitsi ukuyang'anamo. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Adakonzetsa mjigo umene udafa kalekale, adafoletsa denga la kogona atsikana, ife akukhitchini adatigulira maepuloni ndi majombo. Koma anali ndi matenda awiri. Oyamba, akayamba kulankhula dzuwa linkasuntha iwo ali pomwepo. Achiwiri, dzina loti Pa Kachewere linkawabaya mumtima. Zidamveka kuti ku msonkhano wa akuluakulu a makoleji ku Lilongwe, wina adawafunsa pagulu kuti ndowa ya kachewere ikuyenda bwanji kwanuko, anthu n'kuseka. Adabwerako atatupa.

Adatisonkhanitsa antchito tonse pa kapinga. Adayamba ndi masomphenya, napita ku zolinga, nabwereranso ku masomphenya. Mlonda wina adagona choimirira atatsamira chibonga chake. Mawu amene ine ndidatolapo adabwera kumapeto kwenikweni: "Kuyambira lero mbatatesi isaoneke pa koleji ino, yophika, yokazinga kaya yowotcha. Paphulusa patha. Woilowetsa adzatuluka nayo limodzi pa geti."

Adatumanso munthu kukapempha makondakitala kuti azitchula dzina lenileni la koleji. Makondakitala adamvera mbali imodzi. Adayamba kukuwa kuti, "Otsika Pa Kachewere Wakale!"

Tsono taganizani za ine, wolembedwa ntchito chifukwa cha kusenda, pa malo pomwe chosenda chaletsedwa. Mpeni wanga udayamba dzimbiri m'thumba. Adandipatsa lichero kuti ndizipeta mpunga ndi kusankha timiyala, ntchito imene ndinkaigwira nditatembenukira kukhoma kuopa anthu a kwathu obwera kudzagulitsa masamba. A Nachisale adandilangiza kuti, "Iwe Gervazio, bwana akamadutsa usapezeke ndi manja onse awiri opanda kanthu. Nyamula chidebe, ngakhale chopanda madzi." Ndidanyamula zidebe zopanda madzi kuzungulira koleji imeneyo mpaka ophunzira adayamba kundipatsa moni ngati mnzawo. Miyezi yanga yoyeserera inali pafupi kutha, ndipo ndinkangopemphera kuti ithe bwana asanafunse kuti mnyamata wa chidebeyu kwenikweni amatani.

Ndiye lidafika tsiku la chikondwerero chokumbukira kuyambika kwa koleji. Kudacha ndi chifunga, mphepo yake ya Juni yeniyeni. Ophunzira akale adabwera kuchokera m'dziko lonse, ena pa magalimoto onyezimira, ena pa minibasi atapinda masuti m'majumbo. Ambiri asanalowe n'komwe mu holo ankazungulira kuseri kwa khitchini, kuyang'ana pamene panali zipika, kupeza patabzalidwa maluwa. Ankaima pang'ono, kununkhiza m'mwamba, n'kubwerera mwakachetechete. Chakudya cha tsikulo chinali mpunga, nkhuku ndi saladi. A Nachisale ndi amayi ena onse adapita mu holo kukayala matebulo kumbuyo, ine adandisiya ndekha kuti ndiziyang'anira moto.

Chimkuzamawu chidali chitangoyamba kutulutsa mawu a a Pulinsipolo pamene pa chitseko cha khitchini padaima gogo wina wamfupi, wa ndodo, wa magalasi omangidwa ndi kachingwe m'khosi. Ndidawazindikira chifukwa chithunzi chawo chinali mu ofesi. Anali mmodzi wa ophunzira oyamba a m'shedi muja, ndipo tsopano anali wapampando wa bungwe loyang'anira koleji. Ndidagwada pang'ono, ndikupukuta manja pa epuloni.

Adatsegula chikwama chawo cha m'manja. Pakati pa buku la nyimbo ndi mabotolo a mankhwala adatulutsa mbatatesi zitatu za dothi lake, zogula pamsewu, naziika pa tebulo.

"Mwana wanga, dzina ndani?"

"Gervazio, amayi."

"Gervazio, kwirira imodzi m'phulusa. Ikapsa uike pa mbale, ulowe nayo mu holo, ukapereke kwa amene ali pa maiki."

"Amayi, zimenezi n'zoletsedwa. Komanso mmene izidzapsa adzakhala atamaliza."

Adandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amenewo? Ine ndimakhala nawo pa misonkhano. Ikamapsa adzakhala asanafike pakati."

"Andichotsa ntchito, amayi. Ndili pa miyezi yoyeserera."

"Iwowo adalembedwa ntchito ndi ndani?" Adadzigogoda pachifuwa ndi mutu wa ndodo. "Usaope. Ndilipo."

Adatuluka pang'onopang'ono, kundisiya ndi mbatatesi zitatu zikundiyang'ana. Ndidaganiza za chitseko chobiriwira. Ndidaganizanso kuti kwathu wamkulu akakutuma sufunsa kawiri, ndipo apa wonditumayo anali wamkulu wa wamkulu. Ndikakana, ndalakwira wapampando. Ndikavomera, ndalakwira bwana. Ndidasankha kulakwira wamng'ono mwa awiriwo, ndipo ndidadziona wochenjera.

Lidatsala funso loti ndikwirire iti. Ziwiri zinali zazing'ono ngati mazira a nkhuku. Yachitatu inali chimbatatesi, chija alimi amaika pamwamba pa ndowa kuti galimoto ziime. Apa sindidavutike n'kuganiza komwe. Kwathu nkhuku ikaphedwa nthutumba ndi ya bambo. Mlendo wolemekezeka sumupatsa kachiwalo ka mwana. Ngati ndikukachititsa bwana manyazi pagulu, bola ndiwachititse mwaulemu, aone okha kuti mnyamatayu wandisankhira yaikulu. Ndidaitsuka bwinobwino, kuipukuta, kukumba dzenje pakatikati pa phulusa la mbaula ya nkhuku, kuikwirira, n'kuunjika makala ofiira pamwamba. Zing'onozing'ono zija ndidazikwirira pambali kuti zikhale zanga.

Gogo uja sadaname. Mawu ankafika kukhitchini bwinobwino. A Pulinsipolo adayamba mbiri ya koleji yathu ndi Agiriki akale. Adakhalitsa kumeneko. Kenako adasamukira ku nyumba za amonke za ku Ulaya, nayendera imodziimodzi. Ine ndinkatembenuza mbatatesi ndi kuwonjezera makala. Nditabaya ndi sipoko koyamba, mkati munali mukadali molimba, iwo ali ku Ulaya. Nditabaya kachiwiri sipoko idalowa ngati m'phala n'kutuluka yoyera, iwo anali asanawolokebe nyanja.

Ndidaivuula ndi kafosholo ka makala, kuiika pa mbale yachitsulo, kuuzira phulusa, osaikhudza ndi chala chomwe, poti chakudya cha bwana sagwiragwira. Kenako ndidathamanga, kuti ingazizire m'njira.

Mu holo munali ngati m'basi ya ulendo wautali. Mitu inali itapendekeka, a kwaya atatsamirana, wansembe woimira a episkopi atatseka maso mwina akupemphera. Ndidayamba kuyenda pakati pa mipando, mbale ili m'manja onse awiri. Fungo lidanditsogolera. Ndidaona mphuno za madoda a imvi zikugwedezeka eni ake asanadzuke. Mutu umodzi udadzuka, wina, winanso. Kumbuyo wina adaponda pansi ndi nsapato. Kenako mawu adayamba chapansipansi, nakula mpaka malata kunjenjemera: "M'manja! M'manja! M'manja!"

Ndidaponya diso kumatebulo a chakudya. A Nachisale anali atagwira kumutu, maso ali pa mbale yanga, pakamwa pakuyenda. Dzanja lina ankaligwedeza mwamphamvu. Ndidayesa akundilimbikitsa, ndiye ndidawonjezera liwiro.

Nditafika kutsogolo ndidagwada n'kukweza mbale. A Pulinsipolo adasiya kuwerenga. Adayang'ana ine, adayang'ana mbatatesi, adayang'ana wapampando, amene panthawiyo anali otanganidwa kupukuta magalasi ndi nsonga ya mpango. Holo yonse inali itaimirira. Apa ndiwayamikire bambo aja, sanali amantha. Adaika mapepala pansi, nakonza tayi, natola mbatatesi ija ndi dzanja lamanja.

Nkhope yawo sindidzaiiwala. Maso adatuluka, milomo idalowa mkati.

"Alendo olemekezeka," adatero, mawu atakwera ngati a mtsikana wa kwaya, mbatatesi ikuulukira kumanzere. "Koleji ino idayambira m'shedi ya kachewere!" Idabwerera kumanja. "Ine ndakhala ndikuchita nazo manyazi!" Kumanzere. "Koma shedi imeneyo idatulutsa inu nonsenu, ndiye wamanyazi ndi... mayo ine! Tiyeni tikadye!"

Mbatatesi idagwa pansi n'kuphulika, nthunzi kuti fuu. Zimene zidachitika mu holomo sindinazionenso kwina. Nthungululu, malikhweru, madoda a masuti kukumbatirana misozi ili mbwee. Jaji wina wopuma ankamenya mpando ndi chipewa. Aliyense ankati mawu otere sadamvekepo pa koleji ino chimwalirire wansembe woyambitsa koleji uja. Ena adandigwira chanza, wina adandiveka tayi yake m'khosi. Kuchokera pa nsanja kukafika kukhitchini ndidayenda ngati mkwati.

A Nachisale adandipeza ndikuvuula mbatatesi zanga ziwiri zija. Adatola imodzi ndi kafosholo, nagwira dzanja langa, naiika pachikhatho n'kupinda zala zanga. Ndidakuwa mpaka agalu a kumpanda adayankha.

"Yaing'onotu imeneyo," adatero. "Nanga chimwala chija wapatsa bwana? Udachigwira iwe?"

"Ayi, amayi. Ndimati ulemu."

"Ulemu! Ya wolankhula imakhala yaing'ono, chifukwa yaikulu imasunga moto mkati. Ukaivuula umaigubuduza pa phulusa lozizira. Ukatero umaifumbata wekha n'kunena Tikuoneni Maria mpaka pakati. Ukapirira iwe, apirira mnzako. Zaka zonsezi pano sipadapsepo munthu. Umayesa ndimafumbatiranji, kuisisita?"

Ndidati ndimayesa amapukuta phulusa. Adakhala pa chipika n'kuseka mpaka kutsokomola, koma m'maso mwawo munali chisoni.

A Pulinsipolo adatuluka matuza m'manja monse muwiri. Namwino wa pa koleji adawamanga mabandeji mpaka m'zala. Pa chakudya sadathe kugwira foloko, ndipo alendo ofuna kuwagwira chanza ankangowagwira chigongono. Zithunzi zonse za tsiku limenelo akuoneka manja ali kumbuyo, ngati munthu woganiza zakuya.

Lolemba m'mawa adandiitanitsa ku ofesi. Ndidalowa nditanyamula chidebe, mwachizolowezi. Anali atakhala, manja oyera aja ali pa tebulo.

"Amene adakutuma ndikuwadziwa," adatero. "Iwowo sindingawachotse. Kukula kwa mbatatesi adasankha ndani?"

"Ndine, bwana. Ndimati munthu wamkulu apatsidwe yaikulu."

Adayang'ana mabandeji awo, ndipo ndikulumbira kuti adatsala pang'ono kuseka. "Ulemu wako ndaumva," adatero. "Koma lamulo ndidalinena pamaso pa antchito onse. Miyezi yako yoyeserera yatha, ndipo sitipitiriza. Usiye epuloni ndi majombo."

Basi. Munthu amene ankatha kulonjera alendo mpaka tiyi kuzizira adandichotsa ntchito ndi mpweya umodzi.

A Nachisale adayesetsa. Adaimbira foni wapampando uja, amene anali atabwerera kale ku Lilongwe. Adayankha kuti ayi, zimenezo aziona. Mpaka lero akuzionabe. Apa ndinene mosabisa, zidandiwawa, ndipo ndikazikumbuka zimandiwawabe. Madoda onse aja ondigwira chanza, palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa kuti mnyamata uja zidamuthera bwanji. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, koma ine zidandipondaponda zikusekerera, n'kuyanjana pamwamba panga. Lachisanu lotsatira maluwa aja adazulidwa, zipika zidabwerera, ndipo woyamba kutambasula dzanja Paphulusa, mabandeji ali omwewo, anali a Pulinsipolo. Masiku ano nkhaniyi amauza ophunzira atsopano monga gawo la mbiri ya koleji. Amati padali wophika wina wolimba mtima. Ena amati anali mayi, ena amati anali wophunzira wa filosofi amene adabwereka epuloni.

Lolemba lomwe adandichotsalo ndidakwera njinga kupita ku Mphunzi, mpeni uli m'thumba. Ndinkapalasa pang'onopang'ono, ndipo pa zitunda zoti ndikadakwera ndinkatsika dala. A Zakaliya ndidawapeza pakhonde akusoka thumba la feteleza. Nkhani inali itandipitirira kale pa minibasi. Ndidakhala pansi chapatali, chipewa m'manja.

"Tamva," adatero osakweza mutu. "Akuti mwawotcha munthu wa madigiri."

"Zidangochitika, atsibweni."

"Manja onse awiri?"

"Onse awiri."

Adagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za zokolola zabwino. Adamaliza msoko wonse, naluma ulusi. "Ndiye nyumba ya koleji palibe. Malo omanga alipo, kuseri kwa khola la mbuzi. Benadeta ali kudimba, kamuuzeni nokha."

Njira ya kudimba inali yaifupi kuposa mmene ndinkafunira. Benadeta anali akuthirira kabichi, makheni awiri ali pambali pa chitsime. Ndidaima pa mzere n'kuyamba kufotokoza. Ndidafotokoza za wapampando, za lamulo, za nthutumba. Ndidati ndikudziwa kuti ndidamulonjeza nyumba ya malata ndi mpopi pakhomo, ndipo ngati akufuna kusintha maganizo ine sindimuimba mlandu, ankhoswe akhoza kukambirana. Pofika pamenepo ndinkayang'ana kabichi.

Adatsitsa kheni pansi, napukuta manja pa chitenje.

"Inu a Gervazio, mumayesa ndimakwatiwa ndi koleji?"

Ndisanayankhe, iye adapitiriza.

"Kanyumba kanu kaja ine sindidakakonde n'komwe. Kayandikana ndi zimbudzi za anyamata. Ndimangoopa kukuuzani, poti mumakayang'ana ngati tchalitchi. Nanga dimba la amayili akadathirira ndani?" Adatola kheni yachiwiri n'kundipatsa. "Yambirani mzere uwo. Musathire pamutu pa kabichi, muzithira patsinde."

Ndidathirira mpaka dzuwa kupendeka, ndipo misozi imene idagwera m'mizeremo palibe adaiona.

Pa ntchito imeneyo ndidatolapo chinthu chimodzi, ndipo ndachisunga. Chilichonse chimene ndikupatsira munthu, kaya ndi chakudya, khasu, kaya uthenga wa wina, ndimayamba ndachifumbata ndekha, chifukwa wokutuma sapsa nawo. Chikamwini nachonso ndinkachiopa ndisanachigwire. Chimawotcha ndithu, ndisakunamizeni, makamaka chaka choyamba. Koma nyumba ya kuseri kwa khola ija ndidaimanga, ndipo ndikulemba izi ndili pakhonde pake, Benadeta akundikuwira kuti mbuzi zalowa m'dimba.